Mowa uli m'chimera

Usiku wina mu Julaye 2020, cha m'ma 2 koloko, tinadzidzimuka ndi chinthu chimene chinaphulika kukhitchini. Phuu! Akazi anga anandigwira mkono nati, "Akuba!" Ine ndinali nditadziwa kale kuti si akuba, komabe ndinasolola chikwanje kunsi kwa bedi kuti ndioneke ngati mwamuna. Nditayatsa magetsi ndinapeza botolo la pulasitiki la malita awiri litang'ambika m'mbali, madzi a chinanazi ali pakhoma, pa siling'i, mpaka pathumba la ufa limene tinali titangogayitsa dzulo lake. Mabotolo ena atatu anali atafufuma, ali gwa ngati mwala, akudikira nthawi yawo. Ndinawanyamula limodzilimodzi ngati mazira, n'kukawatsegulira kuseri kwa nyumba, agalu a aneba akuuwa.

M'mawa akazi anga sanakalipe. Anangondipatsa chikolopa ndi ndowa, n'kunena kuti, "Bambo, ngati mwaganiza zotsegula shabini, mundiuze ndikadziwitse a kwathu."

Mlandu wonse unachokera ku Joni. Msuweni wanga amagwira ntchito ku Johannesburg, ndipo chaka chimenecho boma la South Africa linaletsa kugulitsa mowa kuyambira pa 27 Malichi chifukwa cha Covid-19. Linaloleza pang'ono mu Juni, kenako n'kuletsanso mu Julaye. Anthu kumeneko anayamba kufulula m'nyumba, moti zinanazi zinakwera mtengo ndipo yisiti anayamba kusowa m'masitolo. Msuweni uja ankanditumizira zithunzi pa WhatsApp, zidebe zili ndandanda m'bafa, iye akumwetulira ngati wapeza mgodi. Kuno ku Lilongwe mowa sunaletsedwe, ndikanatha kungopita pagolosale n'kugula, koma chidwi chinandigwira. Makoko a chinanazi, shuga, madzi, kapaketi ka yisiti wa mandasi, basi. Chimene msuweni sanandiuze, kapena anandiuza ine osamvetsera, n'chakuti yisiti akamadya shuga amatulutsa zinthu ziwiri: ukali umene umaledzeretsa uja ndi mpweya wa carbon dioxide. Ukatseka botolo ntchito isanathe, mpweyawo umafuna potulukira, ndipo umapapeza. N'chifukwa chake paketi ya Chibuku imakhala ndi kabowo pamwamba, pakuti mowa umene uli m'katimo ukadali wamoyo. Zaka zonsezi ndinkaona kabowoko osadzifunsa kuti n'ka chiyani.

Mowa wa chinanazi uja ndinausiya msanga. Unali wopyapyala, wonunkha yisiti, ndipo m'mawa mutu unkakhala ngati muli anthu akusula makasu. Koma matenda ofuna kufulula anali atandilowa. Madzulo ndikaweruka ndinkathera bandulo pa YouTube kuonera azibambo a ndevu a ku America ndi ku England akufulula m'magalaja mwawo. Kwawoko kufulula kunyumba ndi masewera ngati mmene ena amakondera kuweza nsomba kapena kuweta nkhunda. Ku Britain lamulo lofuna chiphaso kuti munthu afulule mowa wakumwa yekha linachotsedwa mu 1963, ndipo ku America Pulezidenti Jimmy Carter anasainira lamulo lololeza zimenezi mu 1978. Ali ndi masitolo ogulitsa zofululira zokhazokha, mapoto onyezimira, mipope, timakina toyezera. Zonse amalemba m'kabuku, kutentha, mphindi, magalamu. Ine ndimagwira ntchito ya manambala, choncho zimenezi zinandikoka mtima kwambiri.

Vuto linali lakuti chilichonse chimene ankatchula kuno kulibe. Balere womeretsa sindinampeze. Hops, timaluwa towawa timene timapatsa mowa wa m'botolo kakomedwe kake, n'kosayamba. Ndinawerengera mtengo woitanitsa kuchokera ku Joni, kuphatikiza wa basi ndi msonkho wa pa Dedza kapena pa Mwanza, ndinaona kuti botolo limodzi lidzandidya ndalama ya kireti. Ndinakhala milungu ingapo ndikudandaula kuti tinabadwira dziko lolakwika.

Tsiku lina Loweruka ndinaperekeza akazi anga kumsika waukulu, ndipo pamene iwo ankatsitsa mtengo wa nyemba, ine maso anagwera pa beseni la mayi wina lodzaza tho ndi timbewu tofiirira tokhala ndi timichira touma. Chimera cha mawere. Ndinaima ngati wogwidwa njakata. Chinthu chimene azungu a pa YouTube amachitcha malt, chimene ndinkafuna kulipirira basi kuchokera ku Joni, ndi chimera. Mbewu yonyika, yomeretsa, youmitsa. Ndinakula ndikuchiona chitayanikidwa pamphasa pabwalo la agogo ku Dowa, ife tikupirikitsa nkhuku. Sindikudziwa kuti sukulu inandichita chiyani kuti zinthu ziwirizi zikhale m'zipinda zosiyana m'mutu mwanga.

Ndinagula chimera, ndinagayitsa, ndipo Loweruka lotsatira ndinatereka chimphika cha malita 20 pambaula. Ndinaphika phala la mgaiwa, likubwata, thovu likulumpha, ndinakhuthuliramo chimera chonse n'kuvundula ndi mthiko mwamphamvu. Ndinavundikira, n'kukagona mokhutira. M'mawa ndinapeza phala lili chimodzimodzi, lolimba, lozizira, lopanda kutsekemera ngakhale pang'ono. Ndinalisiya masiku atatu poganiza kuti mwina likuchedwa chabe. Tsiku lachinayi fungo lake linafika pamsewu. Linakathera kudzala.

Apa m'pamene ndinameza manyazi n'kuimbira foni azakhali.

Azakhali anga, alongo awo a malemu bambo, afulula masese kwa zaka zoposa zanga. Ana awo onse anaphunzira ndi ndalama za mowa, ndipo ngakhale ine yunifolomu yanga yoyamba ya ku sekondale inachokera m'mbiya yawo, ngakhale kuti bambo, amene anali mkulu wa mpingo, sankafuna kuti zimenezi zizitchulidwa. Nditafotokoza vuto langa, mbali inayo kunali zii. Kenako kuseka. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kuitana munthu wina amene anali pafupi kuti, "Tabwerani mudzamve, mwana wa achimwene uja wa ku ofesi akuti akufulula!" Atapuma anandifunsa funso limodzi lokha: "Chimeracho unathira phala lili bwanji?" Ndinati likubwata. "Ndiye unachipha. Chimera n'chamoyo, mwanawe. Iwe angakuponye m'madzi obwata ungagwire ntchito?"

Mwezi wa Okutobala anabwera ku Lilongwe kudzaonetsa maso kuchipatala, ndipo anakhala kwathu milungu iwiri. Anatsika minibasi ndi kathumba ka mawere a m'munda mwawo pamutu, ndipo m'manja ananyamula mbiya yaing'ono yokulungidwa m'chitenje ngati khanda. Chimera changa cha kumsika anachinunkhiza, kutafuna njere ziwiri, n'kulavula. Sananene kuti n'choipa. Anangoti, "Ichi n'cha thobwa la pa ukwati, la anthu ambiri." Tinayambira poyambirira.

Mawere anawapeta, kuwatsuka katatu mpaka madzi kuyera, n'kutaya onse oyandama. Anawanyika usiku umodzi. M'mawa anawatsanula, kuwayala pathumba lonyowa m'kachipinda kamene timasungiramo makala, kuchindikala kwake ngati chikhatho chogoneka, n'kufunditsa thumba lina pamwamba. Kumudzi amafunditsa masamba a nthochi. M'mawa ndi madzulo ankavundukula, kuwaza madzi pang'ono ndi zala, kulowetsa dzanja pansi kuti amve kutentha, n'kutembenuza. Tsiku lachiwiri timizu toyera tinayamba kusuzumira. Nditalowetsa dzanja langa ndinadabwa kumva kuti muli mofunda ngati pansi pa nkhuku yofungatira. Mbewu ikamamera imapuma, imatulutsa kutentha. Tsiku lachitatu timizu tinali titagwirana, moti ukanyamula pangodya chimadzuka chonse ngati mkeka, ndipo fungo lake linali ngati la nkhaka yongothyola kumene. Azakhali anatafuna njere, kundipatsa ina, n'kufunsa kuti ndikumva chiyani. Ndinati kutsekemera pang'ono, kwa patali. Anati basi, chituluke.

Ndinafunsa chifukwa chosachisiyira tsiku lina kuti chitsekemere kwambiri. Anati chikaphuka masamba obiriwira ndiye kuti mwana wadya kamba wake yense, iwe utsala ndi makoko. Mabuku a zofulula amanenanso chimodzimodzi m'mawu ambiri. Njere ikanyowa imadzuka n'kupanga ma enzyme otchedwa amylase, amene ntchito yawo ndi kuphwanya sitalichi kuti asanduke shuga woti kambewu kadye pomera. Wofulula amafuna ma enzyme amenewo, osati mmera. Ndiye amaidzutsa njere, kuisiya ipange zida zake, kenako n'kuiumitsa padzuwa isanadye chuma chonse. Ndi kuba ndithu, koma kuba kwa nzeru. Akuluakulu anati m'mera m'poyamba, ndipo pa nkhani ya mowa mwambiwu ulibe chophiphiritsa chilichonse.

Pa kuyanika m'pamene azakhali anaonetsa ukali. Dzuwa la Okutobala linatithandiza, masiku awiri chinali chitauma gwa, koma madzulo alionse ankachilowetsa m'nyumba mame asanagwe, ndipo kachigawo kena kamene kanagundana ndi khoma n'kuchita timadontho tobiriwira anakataya konse osanyinyirika. Ine ndinati tingochotsa pamwambapo. Anandiyang'ana ngati ndatukwana. Chuku sachita naye chibale, anatero. Apanso anali kulondola kuposa mmene ankadziwira: mitundu ina ya chuku imene imagwira chimanga ndi mtedza imatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin amene amawononga chiwindi, ndipo kuwiritsa sikumuchotsa. Ndimadandaula ndikamva anthu akunena kuti chimanga chofumbwa kapena chowola, chimene sichingadyeke nsima, "chipite ku mowa." Chiwindi chimene chikulimbana kale ndi mowa mukuchisenzetsanso katundu wina.

Tsiku lofulula ndinatulutsa zida zanga: thermometer imene ndinagula kusitolo ya ziwiya za kukhitchini, sikelo, ndi kabuku. Azakhali anaziyang'ana n'kufunsa ngati phala likudwala malungo. Ndinayeza ufa wa mgaiwa umene iwo anatapa ndi mbale, unakwana pafupifupi makilogalamu atatu. Chimera chogaya chinali kilogalamu imodzi ndi theka, ndipo anachigawa pawiri. Phala linapsa, tinaliphula, iwo n'kukhala pampando kumacheza ndi akazi anga za mitengo ya feteleza ngati aiwala. Pakapita kanthawi ankadzuka, kuvundula, kudonthetsa phala kuseri kwa dzanja, n'kukhalanso. Kachitatu anaviika chala, kuchichotsa msanga, nati, "Bweretsa." Ndinawapempha kuti adikire kaye, n'kuviika thermometer yanga. Inawerenga 64.

Ndinakhala chete. Madigiri apakati pa 60 ndi 70 ndi amene azibambo a ndevu aja amalimbikira kuti amylase amagwira bwino ntchito, ndipo kukatentha kufika cha m'ma 80 amafa. Sindikunena kuti chala chimaposa thermometer. Pa ulendo wina mwezi wa Juni, manja awo atazizidwa, mwina chikanaphonya. Koma chala chimenecho chinaphunzira pa migolo mazanamazana, ndipo kulakwitsa kulikonse kunali ndi mtengo wake.

Zimene zinachitika titathira chimera ndimazikondabe kuziona mpaka lero, ndipo ndikafulula ndimaitana ana kuti adzaonerere. Phala limene mthiko unkaima wokha linayamba kufewa pansi pa dzanja. Mphindi khumi zisanathe mthiko unkayenda mopepuka, ndipo patatha theka la ola linali madzimadzi, lofiirira, likununkhira ngati mbatata yootcha. Palibe dontho la madzi limene tinawonjezera. Kamwana kathu kakang'ono kanafunsa kuti phala lapita kuti. Nditalawa, linali tseketseke, popanda ndi supuni imodzi yomwe ya shuga wa ku Nchalo kapena ku Dwangwa.

Tinavundikira n'kulisiya ligone. M'mawa linali litayamba kawawasu pang'ono, kofanana ndi ka chambiko, ndipo n'zoona kuti tizilombo tochititsa zimenezi ndi ta mtundu umodzi, mabakiteriya opanga lactic acid. Azungu ambiri a pa YouTube amaopa kuwawasa ngati mliri, amatsuka chilichonse ndi mankhwala kuti mabakiteriya asayandikire. Kwa ife kuwawasako ndi mbali ya mowa, ndiponso ndi mlonda wake, chifukwa tizilombo toipa tambiri sitikhala m'zinthu zowawasa. Ntchito imene hops amagwira mu mowa wa m'botolo, yoteteza ndi yochepetsa kutsekemera, kwathu kuno imagwiridwa ndi kuwawasa. Nditazindikira zimenezi ndinasiya kulirira hops.

Tsiku lachiwirilo tinaterekanso n'kuwiritsa kwa maola pafupifupi atatu. Makala anapita ochuluka, ndipo ndikuuzeni kuti pa zonse zofunika pofulula, chodula kwambiri m'tauni ndi moto. Litazizira, akazi anga anabwera ndi chigubu cha malita asanu n'kutapa gawo lawo. Limeneli ndi pangano la m'nyumba mwathu. Iwo ndi a Mvano, samwa mowa, ndipo poyamba nkhani yonseyi inkawasowetsa mtendere, makamaka poganiza kuti amayi anzawo akabwera kudzacheza adzamva fungo. Koma pofika pamenepa chimene chili mumphika ndi thobwa, ndipo thobwa la chimera cha azakhali silifuna shuga. Amalisunga mufiriji kuti lisapitirire. Malire a pakati pa thobwa ndi mowa, amene mipingo yathu yakhala ikuwalondera kuyambira nthawi ya amishoni, kwenikweni ndi masiku awiri ndi chimera chachiwiri. Azakhali amati thobwa ndi mowa umene sunavinidwe.

Zotsalazo tinathira chimera chachiwiri, n'kukhuthulira m'mbiya imene anabwera nayo ija, zina m'ndowa yanga ya pulasitiki. Ndisanathire ndinatenga sopo kuti nditsuke mbiyayo. Anandilanda m'manja. Mbiya ya mowa amangoitsukuluza ndi madzi n'kuiyanika, sopo sayandikira. Ndinafunsa za yisiti, poti ndinali nditagula kapaketi. Anati za mandasi zikhale ku mandasi. M'mawa mwake mbiya inali itayamba kulankhula, timathovu tikuphulika pamwamba, ukayandikiza khutu n'kumamva ngati mvula ya mawawa padenga la udzu. Ndowa yanga inali duu. Inadzayamba madzulo, azakhali atatapa chipanda chimodzi cha m'mbiya n'kuthiramo.

Dothi la mbiya lili ndi timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo m'menemo mumatsalira yisiti wa mowa wapitawo. Mbiya iliyonse yakale ndi khola la yisiti wake, n'chifukwa chake kumudzi anthu amadziwa kusiyanitsa mowa wa mayi uyu ndi wa mayi uyo ngakhale onse agule chimera pamalo amodzi. Nkhaniyi inandikumbutsa za Carlsberg. Mu 1883, katswiri wina dzina lake Emil Christian Hansen, akugwira ntchito mu labotale ya kampaniyo ku Copenhagen, anakwanitsa kupatula mtundu umodzi wokha wa yisiti n'kuuweta paokha, kuti mowa uzituluka chimodzimodzi nthawi zonse. Fakitale ya Carlsberg imene inatsegulidwa ku Blantyre mu 1968 inali yoyamba ya kampaniyo kunja kwa Denmark, ndipo Green amene timamwa ndi mdzukulu wa ntchito ya Hansen. Ndimaulemekeza mowa umenewo, kupanga chinthu chofanana mabotolo mamiliyoni si masewera. Koma nditafotokozera azakhali anangoti, "Ndiye kuti mzunguyo anali ndi mbiya imodzi yokha."

Usiku wa tsiku lachinayi anandiuza zina zimene sindinalembe m'kabuku. Mowa wa bona, wokumbukira malemu, sufululidwa ndi munthu wamba aliyense, ndipo ofululawo amayenera kukhala "ozizira," kugona kosayandikana ndi amuna awo mpaka mowa utapsa, apo ayi umasasa. Mowa wa dima, woitanira anthu kudzathandiza kulima, unkayenera kukhala wambiri koma wosaledzeretsa msanga, kuti mizere iwongoke. Anandiuzanso za chaka china pamene mgolo wathunthu unawawasa ngati mandimu kutatsala tsiku limodzi kuti agulitse, sukulu ikutsegulidwa Lolemba. Anapita kukagwira ganyu m'munda mwa munthu milungu iwiri kuti abweze ngongole ya chimanga. Pofotokoza sanaonetse chisoni, amangosenda mtedza. Ine ndinakumbukira phala langa lija ndinakataya kudzala, mmene ndinasekera pofotokozera anzanga ku ofesi. Ine ndikalakwitsa ndimapeza nkhani yoseketsa. Ndikamanena kuti kufulula ndi chinthu chimene ndimachita pofuna kusangalala, ndimadziwa kuti ndikusewera ndi khasu la munthu wina.

Ndipo anthu amaliona khasulo mosiyana malinga ndi amene waligwira. Ine ndikauza anzanga kuti ndimafulula, amati ndine wotsogola, ena amapempha kuti ndiwaitane. Azakhali akhala moyo wawo wonse akutchedwa "mayi wa mowa uja," ndipo kutchalitchi anakhala zaka zambiri osayandikira mgonero. Nzeru zake n'zomwezo, ndipotu zawo n'zakuya kuposa zanga. Ngakhale Chibuku amene amagulitsidwa m'mapaketi anayamba chonchi: m'zaka za m'ma 1950 ku Kitwe, m'dziko la Zambia, Max Heinrich anatenga mowa umene amayi a kuno ankafulula kale n'kuulowetsa m'fakitale, ndipo dzinalo linachokera ku buku limene ankalembamo. Wolemba m'buku ndiye anatchuka. Ndikayang'ana kabuku kanga ka manambala ndimadziseka pang'ono.

Tsiku lachisanu m'mawa azakhali analawa nati wapsa. Tinasefa ndi kathumba koyera, kufinya mpaka masese kutsala ouma, amene aneba oweta nkhumba anabwera kudzatenga. Ndinali nditaitanitsa hydrometer kwa msuweni uja, kagalasi koyandama koyezera shuga amene ali m'madzi, koma pa mowa wa masese kanandigwiritsa mwala: mowawo ndi wokhuthala, kagalasiko kamangoima pamene wakaika ngati mzati. Ndinayesa kusefa kapu imodzi pansalu kangapo kuti ndipeze nambala, koma sindiikhulupirira. Mowa wa mtundu umenewu nthawi zambiri ukali wake umakhala cha pa 3 kapena 4 peresenti, ndipo umasintha ola lililonse chifukwa ukadali kuwira. Wa m'mawa ndi wotsekemera, wa madzulo ndi waukali, wa mawa lake ndi wowawasa, wa mkuja ndi viniga. Sungausunge, ndiye umakukakamiza kuitana anthu.

Ndinaitana anzanga atatu ndi alandilodi. Alandilodiwo ndinawaitana dala, chifukwa masiku onsewa ankazungulirazungulira kuseri kwa nyumba, ndipo tsiku lina anandifunsa mozemba ngati ndayamba "kutcheza." Ankaopa kachasu. Ndinawaonetsa kuti palibe mpope, palibe mgolo wa pamoto wotsekedwa. Kachasu, amene dzina lake likufanana ndi cachaça wa ku Brazil, ndi nkhani ina: amatenga chinthu chowira kale n'kuchitenthetsa kuti nthunzi ya ukali ituluke payokha, ndipo kumeneko kulakwitsa kumavulaza anthu. Ine kumeneko sindipitako, ndipo sindigulitsa ngakhale kapu imodzi. Azakhali anatapa chipanda choyamba, kudonthetsa pang'ono pansi osanena kanthu, kumwa iwo eni kaye monga mwa mwambo, n'kupereka kwa alandilodi. Bamboyo anamwa, kupukuta pakamwa, n'kukhala kanthawi akuyang'ana m'chipandamo. Kenako anayamba kusimba za kwawo ku Ntchisi, za amayi awo, nkhani imene pa zaka zinayi zimene ndakhala m'nyumba yawo sindinaimvepo. Lendi sanatsitse.

Kuchokera nthawi imeneyo ndimafulula kamodzi pa miyezi iwiri kapena itatu. Ndalakwitsanso kangapo. Mu Juni wina, kuzizira kwa Lilongwe kutafika pachimake, mowa unakana kuwira mpaka ndinaufunditsa bulangete, akazi anga n'kumati ndikanakhala ndimawasamala chonchi iwowo bwenzi atanenepa. Mu Novembala wina unathamanga n'kusasa tsiku limodzi lisanakwane limene ndinaitanira anthu, tinamwa tikukwinya nkhope. Ndayesa chimera cha mapira ofiira, chimene chimapereka mtundu wokongola ndi kakhambi pang'ono, ndipo ndayesa cha chimanga, chimene mphamvu yake yosungunula phala ndinaiona yochepa poyerekeza ndi ya mawere. Ndinayesanso kusefa kwambiri n'kuika m'mabotolo mufiriji kuti ufanane ndi wa kusitolo. Unatuluka chinthu chopanda kwawo, ndipo sindinabwerezenso. Kabuku kaja kadzaza theka. Thermometer ndimaigwiritsabe ntchito, koma masiku ano ndimayamba ndaviika chala, kunena nambala mumtima, kenako n'kuyeza. Ndimaphonyabe ndi madigiri asanu kapena kuposa.

Mbiya ija azakhali anaisiya. Tsiku lobwerera ku Dowa ndinaikulunga m'chitenje chake kuti ndiwanyamulire kudepoti, iwo anati ndiibweze pamene inali. Maso awo sakuonanso bwino, ndipo ana awo, amene mowa unawaphunzitsa, onse ndi opemphera kwambiri, palibe amene amafuna kuiona pakhomo pake. "Koma usaisiye nthawi yaitali ili youma," anatero akukwera minibasi, "imaiwala." Mwezi watha ndinawaimbira kuwauza kuti mawere a chaka chino akuchedwa kumera, tsiku lachitatu timizu tikadali tating'ono. Anafunsa ngati ndinagula kumsika. Ndinavomera. Anati mwina ndi a chaka chatha, ndiwapatse tsiku lina limodzi, ndipo akapeza munthu wobwera ku Lilongwe anditumizira a m'munda mwawo.